Maulendo a kwa makolo m'nyengo yachisanu pamene amuna anga akusintha ntchito

Namzeze
Moni nonse. Ndabweretsa nkhani imene yatisowetsa tulo kunyumba kwathu kwa milungu iwiri tsopano, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pabanja komanso m'madera ozizira ano. Ine ndi amuna anga tatha zaka ziwiri tili pabanja ndipo timakhala ku Chicago, m'dziko la America. Makolo anga amakhala ku Buffalo, pomwe apongozi anga aakazi ali ku Minneapolis, kumene atsala okha chimwalirireni bambo mu Malichi chaka chino. Titangokwatirana tinagwirizana kuti maholide tizisinthanitsa. Chaka chatha Thanksgiving, holide ya kumapeto kwa Novembala, tinakadyera ku Minneapolis ndipo Khirisimasi tinali ku Buffalo, choncho chaka chino tikuyenera kutembenuza, ndipo mbali zonse ziwiri zikudziwa kale zimenezi.

Chasokoneza zinthu n'chakuti amuna anga apeza ntchito ina yabwinoko, ndipo awauza kuti akayambe Lolemba lotsatana ndi Thanksgiving. Kumeneko sangatenge tchuthi m'masiku 90 oyambirira, kutanthauza kuti pa Khirisimasi adzapuma tsiku limodzi lokha. Inenso ndine woyembekezera, ndikudikira mu Epulo, ndipo inshulansi yathu ya chipatala imadzera kuntchito kwa iwowo chifukwa ntchito yangayi ndi ya maola ochepa. Iwo akuti tipitebe konse kuwiri pa galimoto monga tinalonjezera: ku Buffalo n'kubwerako Lamlungu, kenako ku Minneapolis n'kunyamuka akangoweruka madzulo a pa 24 Disembala, kubwerako usiku wa pa 25. Ine mtima suli m'malo. Koma ndikati ndiyankhule, zikumveka ngati ndikukana kwa apongozi pa Khirisimasi yawo yoyamba ali okha. Kodi amene munakumanapo ndi zoterezi munatani?

Tsokonombwe
Achemwali, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ntchito yatsopano, pakati, ndi maulendo awiri a m'chipale chofewa sizingakwane m'mwezi umodzi. China chitsale.

MkuluWaMsewu
Ndayendetsa galimoto zonyamula katundu pa msewu waukulu wa I-90 kwa zaka 11, choncho ndinena za msewu zokha, za apongozi ndisiyira ena. Kuchokera ku Chicago kukafika ku Buffalo ndi makilomita pafupifupi 870, ulendo wa maola asanu ndi atatu msewu ukakhala wouma. Poopsa kwenikweni ndi kuyambira kum'mawa kwa Cleveland, kudutsa mzinda wa Erie ku Pennsylvania, mpaka kulowa mu Buffalo, chifukwa msewuwo umayenda m'mphepete mwa nyanja ya Erie. Kumapeto kwa Novembala madzi a nyanjayo amakhala asanaundane ndipo amakhala ofundirako kuposa mpweya. Mphepo yozizira yochokera chaku Canada ikadutsa pamwamba pake imatola chinyontho n'kukachikhuthulira kumtunda ngati chipale chofewa, m'kamzere kochepa m'lifupi koma kothithikana. Mungathe kumayenda dzuwa likuwala, pakangopita mphindi zisanu n'kupezeka kuti simukuona ngakhale nyali za galimoto imene ili patsogolo panu.

Mu Novembala 2014 madera a kum'mwera kwa Buffalo analandira chipale chofika pafupifupi mamita awiri m'masiku ochepa chabe, ndipo msewu waukuluwo unatsekedwa anthu ali m'magalimoto. Kumapeto kwa sabata ya Thanksgiving mu 2024 unatsekedwanso chakufupi ndi Erie. Sizichitika chaka chilichonse ayi. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwakonza zobwerera Lamlungu, tsiku limene misewu imadzaza koposa, pamene m'mawa mwake achimwene akuyenera kukaonekera kuntchito koyamba. Ngati ulendowu sungalephereke, bwererani Lachisanu kapena Loweruka m'mamawa, kuti Lamlungu litsale lodikirira ngati msewu watsekedwa.

Kadzidzi
Musanakambe za msewu, pali nkhani ya mapepala imene ndikuiona kuti ndiyo yachangu, chifukwa munthu woyembekezera sayenera kukhala ngakhale tsiku limodzi osadziwa amene alipire chipatala. Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za malipiro a antchito, ndipo anthu ambiri amabwera kudzafunsa zimenezi atapereka kale notisi. Amuna anu afunse mafunso awiri mawa lomwe. Kuntchito yakale afunse ngati inshulansi imatha tsiku limene munthu wasiya ntchito kapena imafika kumapeto kwa mweziwo, popeza makampani amasiyana. Kuntchito yatsopano afunse tsiku lenileni limene inshulansi iyambe. Lamulo la Affordable Care Act limalola kampani kudikiritsa wantchito watsopano, bola masiku asapitirire 90, ndipo ambiri amayambitsa pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira.

Pakapezeka mpata pakatipo, pali lamulo la COBRA, limene limagwira ntchito ngati kampani yakaleyo ili ndi antchito 20 kapena kuposa. Limakulolani kupitiriza inshulansi yomweyo, koma mumalipira nokha mtengo wonse, kuphatikizapo gawo limene abwana ankalipira, mpaka 102 peresenti. Ndi ndalama zambiri. Ubwino wake ndi wakuti muli ndi masiku 60 oti musankhe, ndipo mukasankha, chitetezocho chimawerengedwa kuyambira tsiku limene inshulansi yakale inatha. Musaope kuti inshulansi yatsopano ikukanani chifukwa cha pakati, zimenezo zinaletsedwa kuyambira mu 2014, koma funsani ngati dokotala wanu ndi chipatala chimene mukufuna kukachirira zili pa mndandanda wake. Njira ina yotsika mtengo ndi iyi: ngati yakaleyo imafika kumapeto kwa mwezi, amuna anu apemphe kuyamba ntchito yatsopano patapita sabata imodzi, kuti tsiku lomaliza kuntchito yakale ligwere mu Disembala. Akatero mwezi wonsewo mwatetezeka.

Namzeze
Zikomo kwambiri a Kadzidzi. Kunena zoona, ife timangoganiza kuti ina ikatha, ina imangoyamba pomwepo. Notisi anapereka kale dzana, koma tsiku lomaliza sanalilembe pa pepala, choncho mwina mpata ulipobe.

Nangondo
Mwana wanga, ine ndakhala pabanja zaka 31 ndipo panopa ndine mpongozi wa ana a eni awiri, choncho nkhaniyi ndaiona mbali zonse. Abale athuwa akupatsani malangizo abwino a msewu ndi mapepala, koma palibe amene wafunsa chifukwa chimene amuna anu, munthu wanzeru zake, akufunira kuyendetsa galimoto maola asanu ndi limodzi usiku wa pa 24, kugona pang'ono, n'kuyendetsanso maola ena asanu ndi limodzi usiku wotsatira. Kumeneko si kuuma mutu. Mwanayo wataya bambo ake miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndipo mumtima mwake akuona mayi ake atakhala okha patebulo limene linkakhala ndi anthu. Mukamuuza za chipale, iye akumva kuti mukuti mayi ake asiyidwe.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti inu musakhale wonyamula uthenga wopita kwa apongozi anu. Uthenga wovuta wa ku Minneapolis anene ndi mwana wawo, wa ku Buffalo munene ndinu. Mawu amene mayi angawamve kwa mwana wake n'kuwaiwala pofika madzulo, akawamva kwa mpongozi amawasunga zaka khumi. Komanso, kodi pali amene wawafunsa amayiwo chimene iwo akufuna? Mwaona kuti nonse mukuwakonzera Khirisimasi popanda kumva pakamwa pawo?

Tsokonombwe
Amayi, ndakumvani, koma chisoni sichisungunula madzi oundana pamsewu. Munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse sayenera kunyamula mkazi woyembekezera n'kulowa naye mumdima wa ku Wisconsin, dera limene msewu wa ku Minneapolis umadutsa.

Nangondo
Werenganinso bwino, bambo. Sindinanene kuti apite. Ndanena kuti simungamuletse munthu ulendo musanadziwe chimene akukatenga kumeneko.

Mphonda
Ine ndinena zimene zinatigwera, mwina zithandiza. Mu Disembala 2022 tinali titangotha miyezi isanu tili pabanja, tikukhala ku Cleveland, ndipo akazi anga anali atangoyamba ntchito milungu itatu m'mbuyomo. Achemwali awo aakulu anali ku Buffalo ndipo banja lonse linakonza zokumana kumeneko. Azanyengo anachenjeza sabata yonse kuti kukubwera mkuntho, koma ine ndinkati ndi ulendo wa maola atatu okha, tidutsa usanafike. Tinanyamuka pa 23 m'mawa. Kutentha kunatsika mofulumira moti madzi amene anali pa galasi anauma ndikuona, ndipo tisanafike m'malire a dera la New York, kumene kuli Buffalo, tinamva kuti msewu watsekedwa. Tinapeza chipinda m'kahotela kena chakufupi ndi Erie, ndipo tinakhala mmenemo mausiku atatu, Khirisimasi n'kutipeza momwemo, akazi anga atatembenukira kukhoma osandiyankhula. Tsiku lachiwiri ndinatuluka kuti ndilize injini, ndinapeza chitseko cha galimoto chitamatirira, chogwirira chake chitakutidwa ndi madzi oundana ngati galasi.

Pambuyo pake tinamva kuti anthu oposa 40 anamwalira m'dera la Buffalo, ena ali m'magalimoto awo. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti kutsekedwa kwa msewu kuja kunatipulumutsa. Chimene chinatenga nthawi kupola ndi mlandu wa pakati pathu. Iwo ankati ndinawakakamiza, ine ndinkati ndinkachitira abale awo, ndipo zoona zake zinali zakuti tonse awiri sitinkafuna ulendowo, kungoti aliyense ankaopa kuoneka woipa kwa alamu ake. Tikanakhala pansi mphindi khumi n'kuuzana zoona, sitikanatuluka pakhomo.

Chiphadzuwa
Bwanji osangokwera ndege? Kuchokera ku Chicago kupita ku Buffalo kapena ku Minneapolis ndi ola limodzi ndi theka basi. Madokotala nthawi zambiri amalola mayi amene pakati pake palibe vuto kukwera ndege mpaka masabata 36, ndipo inu pa Khirisimasi mudzakhala muli cha m'ma 24, ngakhale kuti mawu omaliza ndi a dokotala wanu. Ndiponso kuyambira mu 2024 lamulo la boma limati ndege ya m'dziko momwemuno ikalephereka, kapena ikachedwa maola atatu kapena kuposa ndipo inu mwasankha kusakwera, ndalama zanu zibwezedwe.

MkuluWaMsewu
Kubwezeredwa ndalama sikumufikitsa munthu kuntchito Lolemba m'mawa. Mkuntho umene a Mphonda akunenawo unatseketsa bwalo la ndege la ku Buffalo masiku angapo, ndipo chochedwetsa chikakhala nyengo, kampani ya ndege siikakamizidwa kukulipirirani pogona. Ine ndikanayang'ana sitima yapamtunda. Pali Lake Shore Limited imene imanyamuka ku Chicago usiku n'kufika ku Buffalo m'mawa. Mbali ya Minnesota, dera la kwa apongozi anu, kuli Borealis, imene inayamba mu Meyi 2024, imayenda masana tsiku lililonse pakati pa Chicago ndi St. Paul, mzinda woyandikana ndi Minneapolis, kudzera ku Milwaukee, ulendo wa maola pafupifupi asanu ndi awiri ndi theka. Sitima nayo imachedwa, koma munthu woyembekezera amatha kuimirira n'kuyendayenda, zimene m'galimoto zimafuna kuti muziima pakatha maola awiri alionse.

Kamphepo
Ine ndikuona kuti mukuwaopseza mopitirira. Anthu mamiliyoni amayenda m'misewu imeneyi chaka chilichonse ndipo amafika. Galimoto yanga imakoka ndi matayala onse anayi, ndapita nayo ku Minnesota mu Januwale kanayi konse, sindinatererepo.

MkuluWaMsewu
Kukoka ndi matayala anayi kumathandiza ponyamuka, poima sikuthandiza chilichonse, pakuti mabuleki a galimoto iliyonse amagwira matayala anayi omwewo. Magalimoto ambiri amene ndimawaona ali m'ngalande kukagwa chipale ndi aakuluakulu omwewo, chifukwa eni ake amadzidalira. Chimene chimasintha zinthu ndi matayala a nyengo yachisanu, amene labala wake sauma kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7 a Celsius. Ndipo pa milatho chepetsani liwiro musanafikepo, chifukwa mlatho umaundana msewu usanaundane, popeza mphepo imauzizira pamwamba ndi pansi pomwe.

Kamphepo
Matayala amenewo ndi ndalama zina, ndipo banjali likukonzekera mwana. Si aliyense angagule matayala oti agwiritse ntchito miyezi inayi yokha.

Mphonda
Pamenepo a Kamphepo anena zoona. Koma fosholo yaying'ono, mabulangete awiri, tochi, madzi akumwa ndi chingwe cholizira batire sizingagwetse munthu mphwayi. Ndipo mukatsekeredwa n'kuliza injini kuti mufunde, yambani mwafukula paipi yotulutsira utsi, chifukwa ikakwiririka utsiwo umabwerera m'kati ndipo sununkha.

Kadzidzi
Tibwerere kwa eni nkhani, chifukwa pali china chimene ndinaiwala, ndipo chikukhudza Epulo. Lamulo la FMLA, limene limapatsa kholo masabata 12 osalipidwa mwana akabadwa ntchito ili chisungidwire, limafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito pa kampaniyo miyezi 12 ndi maola 1,250, ndiponso kampaniyo ikhale ndi antchito osachepera 50. Amuna anu pofika Epulo adzakhala atangotha miyezi inayi kapena isanu, choncho lamuloli silidzawateteza. Masiku alionse amene adzakhale nanu kuchipatala ndi kunyumba adzachokera pa tchuthi chimene asonkhanitsa ndi pa chifundo cha abwana. Ichi ndicho chifukwa china chosayambira ntchito ndi kujomba kapena kupempha masiku a Khirisimasi. Pemphani kamodzi, pa chinthu chachikulu, ndipo anene za mwanayo panopa, asadikire Malichi. Komanso ku Illinois, dera limene kuli Chicago, kampani imayenera kulipira masiku a tchuthi amene munthu anasonkhanitsa koma sanawagwiritse ntchito pamene akusiya. Aonetsetse kuti ndalamazo zili pa malipiro omaliza, mwina n'zimene zingalipire COBRA ija.

Nangondo
Sitima ya Borealis imene a MkuluWaMsewu atchulayo imapita mbali zonse ziwiri, si choncho? Amene alibe ntchito yomumanga pa Khirisimasi ndi amayi aja. Ine chaka chimene amayi anga anamwalira, bambo anga ankakana kuchoka panyumba, tonse tikuganiza kuti akufuna kukhala pafupi ndi zikumbutso. Patapita nthawi anandiuza kuti ankangoopa kutilemetsa. Mwana wawo awaitane, ndipo awaitane mowafuna, osati mowamvera chisoni. Awauze kuti mpongozi wawo watopa ndipo akufunika munthu wamkulu pakhomo.

Tsokonombwe
Apa ndiye ndagwirizana nanu, amayi. Koma achemwali akonzeke, apongozi akabwera sabata imodzi m'nyumba ya chipinda chimodzi, tidzaonanso funso lina m'gulu muno mu Januwale.

Namzeze
Ndabweranso patatha masiku anayi kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinawapatsa amuna anga foni kuti awerenge okha zonse zimene mwalemba. Atafika pa mawu a mayi Nangondo anaika foni pansi n'kulowa kubafa, anakhalako nthawi ndithu madzi akungotuluka pampopi. Usiku womwewo anaimbira amayi awo, ine ndinatuluka kuti ayankhule momasuka. Zapezeka kuti apongozi ankaiopa Khirisimasi ya m'nyumba imene ija. Akuti katoni ya nyali zimene bambo ankapachika pakhonde chaka chilichonse anaitsitsa mu Okutobala, koma mpaka lero ili pakhomo la chipinda, sanaitsegule ndipo akulephera kuibweza. Abwera pa Borealis pa 22 Disembala ndipo akhala nafe mpaka chaka chatsopano. A Tsokonombwe, zipinda zilipo ziwiri, chinacho ndi chimene tikukonzera mwana.

Za ntchito sizinayende monga tinkafunira. Akana kusuntha tsiku loyambira chifukwa pali maphunziro a antchito atsopano amene amachitika pamodzi sabata imeneyo. Inshulansi yakale ikutha pa 30 Novembala, yatsopano ikuyamba pa 1 Januwale, choncho Disembala yense ali pambalambanda, ndipo ndili ndi masiku awiri a sikelo m'mwezi umenewo. Tikuganiza zongolipira COBRA ya mwezi umodziwo ndi ndalama za tchuthi zija. Dokotala wanga ali pa mndandanda wa inshulansi yatsopano, chimenecho chokha chatipepukira. Za Epulo abwana atsopanowo ati adzaona, sanalonjeze kanthu.

Kadzidzi
Popeza masiku a sikelo alipo kale, lipirani ndithu, musadikire kuti muone ngati mudwale. Sungani kalata yosankhira COBRA ikafika, ndipo uzani a kuchipatala kuti mapepala ali m'njira, chifukwa pa kompyuta yawo zingaoneke ngati mulibe inshulansi kwa masiku angapo. Mawu akuti adzaona apemphe kuti awalembe, ngakhale mu imelo yaifupi.

MkuluWaMsewu
Nanga ku Buffalo mwagwirizana zotani?

Namzeze
Tinyamuka Lachitatu m'bandakucha pa galimoto, chifukwa mipando ya sitima tinaipeza itatha, ndipo tibwerera Lachisanu m'mawa. Tagwirizana kuti Lachiwiri madzulo tidzaona chenjezo la bungwe la boma loona za nyengo la National Weather Service, ndipo likadzanena za chipale cha m'mbali mwa nyanja ya Erie, sitinyamuka, popanda wina kunyengerera mnzake. Uthenga wa ku Buffalo ndanena ndekha monga munandilangizira. Bambo anga angoti chachikulu ndi kufika bwino. Amayi anga ndiwo anafunsa kuti zatheka bwanji kuti apongozi apatsidwe masiku khumi, iwo mausiku awiri, pamene mimbayi ndi ya mwana wawo. Ndinawauza kuti mu Epulo chipinda chija ndi chawo kwa mwezi wathunthu. Anangoti, "Tiona," n'kupatsira bambo foni.

Nangondo
Asiyeni masiku awiri, kenako muwaimbire muwafunse zimene muyenera kugula za mwana, ngakhale mukuzidziwa kale.

Namzeze
Ndawatumizira chithunzi cha mabedi awiri a mwana kuti asankhe. Zikuonetsa kuti uthengawo awerenga, koma sanayankhebe.